Kasungidwe ka mankhwala kuno ku Joni: botolo lake, lebulo yake, ndi zimene lamulo limafuna

Kumudzi tinazolowera kulandira mapiritsi m'timapepala tapulasitiki tojambulidwa dzuwa ndi mwezi. Tikafika nawo kunyumba, ena timakhuthulira onse m'kachitini kamodzi, a mutu, a m'mimba, a BP, n'kumawasiyanitsa ndi mtundu basi. Chizolowezichi tinabwera nacho ku Johannesburg, ndipo kuno chinakula chifukwa cha mmene timakhalira. Chipinda chimodzi anthu anayi ku Rosettenville kapena ku Yeoville, aliyense safuna kuti mnzake adziwe zimene akumwa. Ndiye munthu amamatula lebulo, kapena kuthira mapiritsi m'kajumbo kaja kosungira makobidi kubanki. Akatero wawononga zinthu ziwiri. Mankhwalawo alibenso chowateteza ku chinyezi ndi kutentha, ndipo iye alibenso umboni woti ndi akedi, anawapeza mwalamulo.

1. Yambani mwapeza chilembo cha S pa bokosi

Lamulo lalikulu la mankhwala m'dziko lino ndi Medicines and Related Substances Act, nambala 101 la chaka cha 1965. Bungwe loyang'anira ndi SAHPRA, lomwe linalowa m'malo mwa Medicines Control Council mu 2018. Lamuloli linaika mankhwala m'magulu, kuyambira S0 mpaka S8, ndipo gululo limalembedwa pa bokosi, kawirikawiri pamwamba pafupi ndi dzina.

S0 ndi amene mumagula paliponse, pa sipaza (kagolosale ka m'makomboni), pa garaji yothira mafuta, mu Shoprite: Grand-Pa, Disprin, Panado wa paketi yaing'ono. S1 ndi S2 amagulitsidwa ku famase kokha koma safuna chikalata cha dokotala, ngakhale kuti pa S2 amakulembani dzina m'kaundula. Mankhwala ambiri a chifuwa okhala ndi codeine ali m'gulu limeneli. Kuyambira S3 chikalata cha dokotala n'chofunika. Ambiri a BP ndi a shuga ali mu S3, ma antibayotiki ndi ma ARV ali mu S4, tramadol, diazepam ndi ogonetsa tulo ali mu S5, pomwe morphine, pethidine ndi Ritalin ali mu S6. Za S7 ndi S8 zisakuvutitseni, wodwala wamba sakumana nawo.

Gawo 22A la lamuloli limati munthu aliyense akhoza kukhala ndi mankhwala a S0, S1 ndi S2 kuti adzichiritsire, koma a S3 mpaka S6 akhale nawo pokhapokha atalemberedwa ndi dokotala kapena munthu wina wololedwa kutero. Pamwamba pa apo pali lamulo la mankhwala ozunguza bongo, Drugs and Drug Trafficking Act, nambala 140 la 1992, lomwe limakhudzanso ena mwa mankhwala a kuchipatala monga morphine ndi pethidine. Limalola wodwala kukhala nawo ngati anawalandira m'njira yoyenera.

Tsono taganizani ife amene timaimitsidwa pafupipafupi m'tauni kufunsidwa mapepala. Wapolisi akapisa m'thumba n'kupeza mapiritsi oyera m'kajumbo kopanda dzina, sangadziwe ndi maso ngati ndi a BP kapena Mandrax, mapiritsi ozunguza bongo oletsedwa aja. Zoti akawayeze ku labotale zimatenga nthawi, ndipo nthawiyo ikhoza kukutherani muli m'chitokosi. Botolo la lebulo yolembedwa dzina lanu limafupikitsa nkhani yonseyo.

2. Musachoke pa kauntala musanawerenge lebulo

Udindo womata lebulo ndi wa wopereka mankhwala. Gawo 18 la lamulo la 1965 lija limaletsa kugulitsa mankhwala m'chotengera chopanda lebulo, ndipo malamulo otsatira a chaka cha 2017 amatchula zimene lebulo ya mankhwala olembedwa ndi dokotala iyenera kukhala nazo: dzina la mankhwala, dzina la wodwala, kamwedwe kake, dzina ndi adiresi ya famase kapena kiliniki, tsiku limene aperekedwa, ndi nambala ya m'kaundula wawo. Pa bokosi la kufakitale kapena pa kapepala ka siliva pamakhalanso tsiku lotha mphamvu ndi nambala ya gulu limene anapangidwira.

Yang'anitsitsani dzina. Maina athu amawalakwitsa kwambiri kuno, moti Chimwemwe kapena Mphatso akhoza kutuluka pa kompyuta atasanduka china. Auzeni akonze pomwepo kuti lifanane ndi la pa pasipoti. Ndipo achimwene amene mumatsegulitsa fayilo kukiliniki pa dzina la munthu wina, dziwani kuti tsiku lofunika umboni, lebuloyo idzachitira umboni mwini dzinayo osati inu.

Chikalata cha dokotala chimatsala ku famase, choncho pemphani kope kapena chijambuleni pafoni musanachipereke. Jambulaninso lebulo. Chikalatacho chiyenera kufika ku famase pasanathe masiku 30 chilembedwereni, chobwereza chimagwira ntchito mpaka miyezi 6, ndipo cha S6 sichibwerezedwa, mwezi uliwonse chimafunika chatsopano.

Ku kiliniki za boma nthawi zambiri amapereka m'timatumba tapulasitiki totseka pakamwa. Palibe vuto, bola pakhale lebulo. Amene mumatengera mankhwala a mwezi ndi mwezi pa ndondomeko ya boma yotchedwa CCMDD, ku Clicks, ku Dis-Chem kapena pamalo ena otengera, musafulumire kutaya jumbo yakunja. Onani kaye ngati dzina lanu lilinso pa mabotolo a m'kati. Ngati lili kunja kokha, jumboyo muisunge mpaka mankhwala atatha.

3. Asiyeni m'mene anabwerera

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, ndiye tichedwepo pang'ono.

Chotengera cha mankhwala sichinapangidwe mwachisawawa. Tengani botolo la TLD, ma ARV a piritsi limodzi patsiku aja okhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, amene Malawi ndi South Africa onse anayamba kupereka mu 2019. Mukatsegula mumapezamo kathumba kapena kabotolo kakang'ono kolembedwa kuti musadye. Ntchito yake ndi kuyamwa chinyezi. Musakataye mpaka mapiritsi atatha, ndipo mukatenga piritsi tsekani chivindikiro mwamphamvu. Mukawakhuthulira m'botolo la mavitamini kuti asadziwike, kathumba kaja katsala uko, chivindikiro chatsopanocho mwina sichitseka bwino, ndipo tsiku lina mnzanu wa m'chipinda adzamwako akuyesa ndi mavitamini.

Mapepala a siliva nawo ali ndi ntchito. Epilim, amene anthu a khunyu amamwa, amakoka chinyezi msanga akatulutsidwa m'siliva wake. Mapiritsi osungunula m'madzi aja akakhala pamtunda amafewa n'kuwonongeka. Timapiritsi ta mtima toika pansi pa lilime timafooka tikasamutsidwa. Mabotolo ofiirira amatchinga kuwala. Musaboole siliva kutulutsiratu mapiritsi a mawa ndi mkuja, ndipo musamudule mbali imene pali tsiku lotha mphamvu. Nambala ya gulu ija ilinso ndi phindu: SAHPRA ikalengeza kuti mankhwala ena abwezedwe chifukwa apezeka ndi vuto, imatchula nambala imeneyo, ndipo popanda bokosi simungadziwe ngati anu ali m'gulumo.

Nkhawa yofuna kubisa ndi yomveka, palibe amene angakudzudzuleni. M'nyumba zathu zogawana zija nkhani imayenda msanga, ikafika pa WhatsApp mawa lake yamveka ku Mangochi. Koma bisani botolo lonse, musalivule dzina. Livekeni sokosi kuti lisamachite phokoso, liikeni m'kachikwama ka sopo ndi mswachi, kachikwamako m'sutikesi ya loko. Kabokosi kachitsulo kosungira ndalama, kokhala ndi kiyi, n'kabwino koposa, ndipo palibe amene amadabwa kuona munthu akukiya kabokosi kotero.

Nanga timabokosi tolembedwa masiku a sabata tija? Timagulitsidwa m'famase momwemo ndipo timathandiza, makamaka achemwali amene mumasamalira agogo a mabwana ku Randburg kapena ku Sandton, komwe nkhalamba imodzi imamwa mitundu isanu ndi umodzi patsiku. Muikemo a sabata imodzi yokha. Mabokosi enieni a malebulo akhale pafupi, musawataye. Funsani wa ku famase kuti ndi ati amene sayenera kutuluka m'siliva, amenewo akhale padera. Lembani pa pepala dzina la mankhwala alionse ndi nthawi yake, mulimate m'kati mwa chitseko cha kabati. Ngati pali a S5 kapena S6, ine ndingakulangizeni kuti muzilemba m'kope piritsi lililonse limene mwapereka, ndipo mwana wa agogowo aziona kopelo. Mapiritsi otere akasowa m'nyumba, woyamba kulozedwa chala ndi wantchito.

Alonda ndi ena ogwira ntchito usiku amene nthawi yomwera imakupezani kuntchito, tengani siliva wathunthu wooneka dzina, osati piritsi lokulunga pa tishu, ndipo chithunzi cha lebulo chikhale m'foni. Akakhala a S5 kapena S6 nyamulani bokosi lenilenilo.

4. Sankhani malo

Mabokosi ambiri amalembedwa kuti asungidwe pamalo osapitirira madigiri 25. Bafa ayi chifukwa cha nthunzi. Pawindo ayi, pamwamba pa sitovu kapena pa furiji ayi, m'galimoto yoima padzuwa ndiye musayese n'komwe.

Amene tikukhala m'nyumba za malata ku Diepsloot kapena ku Alexandra tili ndi vuto lapadera. Langizo lodziwika limati ikani mankhwala m'mwamba ana asafikire, koma mu Disembala ndi Januwale m'mwamba pafupi ndi malata ndi mmene mumatentha kwambiri. Njira yake ndi kuwaika pansi, mbali imene dzuwa la masana siliwomba, koma m'chinthu chokiya. Sutikesi ya loko kunsi kwa bedi imakwanira, ingoikhazikani pa thabwa kuti madzi a mvula akalowa asaifike.

Zofunika furiji zimafuna madigiri 2 mpaka 8. Insulin yosatsegula ikhale pa shelefu yapakati, osati mufiriza, osatinso yogunda khoma lakumbuyo komwe zinthu zimaundana. Insulin ikaundana yatha ntchito ngakhale isungunuke. Mu furiji yogawana ndi anthu ena, iikeni ndi bokosi lake m'kontena yotseka yolembedwa dzina lanu. Magetsi akazima, kaya ndi Eskom kaya ndi City Power, musamatsegule furiji pafupipafupi, imasunga kuzizira kwa maola angapo. Akachedwa kuyaka, samutsirani mu kulabokosi momwe muli botolo la madzi oundana lokulungidwa m'nsalu, kuti ayezi asakhudzane ndi mankhwala. Insulin imene mwayamba kale kubaya ikhoza kukhala kunja kwa furiji pamalo ozizirirapo, mitundu yambiri kwa milungu inayi, choncho lembani pa chobayira chake chooneka ngati cholembera chija tsiku limene mwayamba. M'nyengo yozizira samalaninso, chifukwa usiku wa mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira mpaka madzi kuundana panja, ndipo pawindo sipakhala posungira insulin.

Antibayotiki wa ana wa ufa amene amasungunula ndi madzi ku famase amakhala masiku ochepa, kawirikawiri 7 mpaka 14 malinga ndi mtundu, ndipo ambiri amafuna furiji. Wotsala musasungire chifuwa cha mwezi wamawa. Mankhwala odontheza m'maso akatsegulidwa amakhala pafupifupi mwezi umodzi.

5. Ana

Chivindikiro chovuta kutsegula chimangochedwetsa mwana, sichimuletsa. Loko ndiye amaletsa. Musamanyengerere mwana kuti mankhwala ndi switi, ndipo chikwama cha mlendo chisakhale pansi, poti azakhali obwera kudzacheza amayenda ndi mapiritsi awo a BP.

M'kabati ya mankhwala akumwa musaikemo ophera makoswe ndi mphemvu. Aja ogulitsidwa m'misewu ndi m'marenki, m'timapepala topanda dzina, musagule n'komwe. Mu Okutobala 2024 ana 6 anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo kuyeza kunaonetsa kuti anaphedwa ndi terbufos, poizoni wa kumunda amene amagulitsidwa mozemba ngati wophera makoswe. Parafini nayenso asathiridwe m'botolo la zakumwa.

Mwana akamwa chinthu, musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka kapena mafuta. Imbani Poisons Information Helpline pa 0861 555 777, imagwira ntchito usana ndi usiku. Ngati akukomoka, akuphupha kapena akubanika, imbani 112 pafoni ya m'manja kapena 10177. Popita kuchipatala nyamulani botolo limene wamwamo. Adokotala akaona dzina, mphamvu yake ndi kuchuluka kwa amene atsala, amadziwa poyambira. Mukawapatsa kachitini ka mapiritsi osakaniza, ayamba ndi kulota.

6. Musagawire ena, musagulitse

Kwathu kupatsa mnzako mapiritsi awiri ndi chifundo. Koma lamulo la 1965 lija limawerengera kupatsa munthu mankhwala, ngakhale kwaulere, m'gulu limodzi ndi kugulitsa. Ndiye kugawira mnansi tramadol wanu kapena ma antibayotiki otsala n'kulakwira lamulo, ndipo chilango cha milandu ya m'lamuloli chikhoza kukhala chindapusa kapena ndende mpaka zaka 10.

Izi zikukhudzanso malonda aja a m'zipinda, komwe munthu amaitanitsa LA, Bactrim ndi Indocid kuchokera kumudzi n'kumagulitsa m'timapepala kwa Amalawi anzake. Sindikuona chifukwa chogulira kumeneko. Simudziwa kuti anatha mphamvu liti, kapena anakhala masiku angati m'ngolo ya basi padzuwa la ku Tete. Ngati mwangobwera kumene kuchokera kumudzi ndipo thupi latentha, pitani kukiliniki ndipo munene momveka kuti munali ku Malawi. Ku Johannesburg malungo safala, choncho anamwino sangawaganizire msanga mukapanda kuwauza.

Amene muli ndi sipaza, malire anu ndi S0, m'mapaketi ake a kufakitale.

7. Pa ulendo wa kumudzi

Basi ikanyamuka pa Park Station imadutsa Beitbridge, Nyamapanda, kenako Mozambique, n'kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Amenewo ndi maiko anayi, lililonse ndi malamulo ake ndi osecha ake. Ku Malawi woyang'anira mankhwala ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, yomwe inalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board.

Kutatsala milungu ingapo, uzani a kukiliniki kuti mukuyenda. Pemphani kalata yotchula dzina lanu, maina a mankhwala ndi kamwedwe kake, yodindidwa. Ngati mukakhalitsa, pemphaninso kalata yosamutsira kuti mukapitirize kulandira kwanu, ndipo pobwerera mubwere ndi buku lanu la kuchipatala. Malamulo a South Africa amalola wolowa m'dziko kukhala ndi mankhwala akeake, koma amafuna chikalata cha dokotala, kope lake lotsimikizidwa, kapena kalata ya amene anamulembera.

Nyamulani okwanira inuyo pa ulendowo, ndi owonjezera a masiku angapo poti basi ikhoza kugona pa bodala. Akhale m'mabokosi awo, m'chikwama cha m'manja chimene chili pamiyendo panu. M'ngolo kumatentha, ndipo katundu wa m'ngolo nthawi zina amafika tsiku lina. Insulin iyende m'kachikwama kozizira, botolo la ayezi litakulungidwa monga tanenera. Akakufunsani pa bodala ngati muli ndi mankhwala, atulutseni nokha pamodzi ndi kalata.

Chovuta kwambiri ndi maphukusi a anthu ena. Wina amabwera pa siteshoni, "achimwene, mukawapatsireko mayi kajumboka." Tsegulani pamaso pake. Mukapezamo mankhwala opanda lebulo, kapena mabotolo angapo a mankhwala a chifuwa a codeine, kanani ndithu ngakhale akhale wa kumudzi kwanu. Mankhwala a codeine amazembetsedwa kwambiri kulowa mu Zimbabwe ndipo osecha amawadziwa bwino. Kutulutsa kapena kulowetsa mankhwala a S6 ndi ena a S5 omwe si anu kumafuna chilolezo chapadera, chimene inu ndi matransipota mulibe. Opezeka nawo m'chikwama ndiye amayankha mlandu, wotumayo ali phee ku Turffontein. Ngati cholinga ndi kuthandiza mayi odwala BP kumudzi, atumizireni ndalama akagule ku famase yovomerezeka komweko ndi buku lawo la kuchipatala.

8. Otsala ndi otha mphamvu

Kawiri pachaka khuthulani kabokosi kanu muone masiku. Tsiku likalembedwa mwezi ndi chaka chokha, mankhwalawo amatha kumapeto kwa mwezi umenewo. Chotsaninso amene asintha mtundu, afewa, anyenyeka, ndi onse amene simukudziwanso dzina lake.

Malamulo a 2017 amaletsa kutaya mankhwala m'mipope ya zonyansa, choncho m'toileti ndi m'sinki ayi. M'bini ya zinyalala ya Pikitup namonso ayi, chifukwa isanafike galimoto mumapisa anthu otola mabotolo ndi zitini, nthawi zina ndi ana. Apititseni ku famase kapena kukiliniki ali m'mabokosi awo, mufunse ngati amalandira, iwo ali ndi makampani ololedwa kuwawononga. Masingano a insulin alowe m'chigubu chachikasu chotayiramo zobaya chimene mungapemphe kukiliniki kapena kugula ku famase, chikadzadza muchibweze komweko.

M'bale akamwalira, mankhwala ake abwezedwenso, makamaka morphine ndi ena ochepetsa ululu. Chikalata chinali m'dzina lake, ndipo wotsala nawo alibe chilolezo chowasunga kapena kuwapatsa wodwala wina. Botolo likatheratu, pamenepo mukhoza kumatula lebulo kapena kudetsa dzina ndi cholembera chakuda musanalitaye, kuti wopisa m'bini asawerenge zimene mumamwa.